Masamba a curry ndi masala a m'makhitchini a ku India: amaphika bwanji eni ake?

Nachisale: Moni nonse. Mnzanga wa kuntchito wandibweretsera nthambi za masamba amene akuti ndi a curry, wathyola mumtengo wa kuseri kwa nyumba imene akuchita lendi ku Limbe. Maonekedwe ake akufanana ndi a nimu, koma ukafinya tsamba limodzi m'manja fungo lake ndi lina, lamphamvu, lopita ku mandimu pang'ono. Kodi masamba amenewa ndi omwe amaumitsa n'kupera kuti apange curry powder wa m'mapaketi uja? Nanga pophika amatani nawo, kungoponya mumsuzi basi?

Mayi Nangozo: Mwana wanga, choyamba musawayanike. Masamba amenewa mphamvu yake ili pauwisi, akauma padzuwa fungo lonse lathawa. Chachiwiri, curry powder ndi masambawa n'zinthu ziwiri zosiyana. Ine ndaphika zaka zambiri kunyumba ya amwenye achi Gujarati ku Limbe konko, ndipo m'khitchini mwa agogo a pakhomopo simunalowepo paketi ya curry powder. Iwo masambawa amati limdo, amwenye ena amati kadi patta, mukatchula limodzi mwa mayina awiriwa m'masitolo mwawo akumvani msanga. Chimene chinkakhala pafupi ndi sitovu nthawi zonse ndi chitini chachitsulo chozungulira chosungiramo zokometsera ndiwo (masala), chimene amati masala dabba, m'kati mwake muli timakapu 7 ndi kasupuni kamodzi. Kena njere za mpiru, kena jeera (cumin pa Chingerezi), kena chikasu chopera, kena tsabola wofiira wopera, kena dhana-jeeru, amene ndi njere za dhania (coriander) ndi jeera zoperera pamodzi, kena njere za methi (fenugreek), komaliza garam masala, ufa wa zokometsera zingapo zosakaniza. Ndiwo iliyonse ili ndi muyeso wakewake kuchokera m'timakapu timeneti. Therere lobala silithiridwa zofanana ndi mbatatesi, mbatatesi sizithiridwa zofanana ndi mphodza. N'chifukwa chake patebulo pamatha kukhala ndiwo zitatu, zonse zachikasu, koma m'kamwa iliyonse ndi nkhani yake.

A Gondwe: Pepani amayi, koma ine ndakula ndikudya nkhuku ya curry powder. Mayi anga ankathira Rajah pa Khirisimasi, ndi mpunga pambali, ndipo inkakoma zedi. Ngati amwenye sagwiritsa ntchito, nanga anayambitsa ndani? Mapaketi ena amalembapo Madras. Madras si ku India konko?

Chisomo (Leicester): Achimwene, palibe akunena kuti ndi woipa, nkhani ndi yoti ntchito yake ndi ina. Malonda ake anakula chifukwa cha Angerezi. Anthu a East India Company, kampani ya Angerezi imene inkachita malonda kumeneko, atazolowera zakudya za ku India ankafuna kuti akabwerera kwawo azidyabe, koma analibe ophika odziwa kuyeza zokometsera za ndiwo iliyonse payokha. Ndiye amalonda anayamba kusakaniziratu ufa umodzi woti uzilowa paliponse. M'zaka za m'ma 1780 unali ukugulitsidwa kale ku London, ndipo mu 1810 Sake Dean Mahomed anatsegula malo odyera zakudya za ku India mumzinda womwewo, Hindoostane Coffee House. Madras ndi Chennai wa leroyu, ndipo kumeneko kunalidi makampani otumiza ufawu ku Britain. Chochuluka mu ufawo ndi dhania ndi chikasu, kenako jeera, methi ndi tsabola. Ena amaikamo masamba a curry ouma pang'ono, ambiri saikamo n'komwe. Vuto lake n'loti nyama, nsomba, kabichi, zonse zimatuluka fungo limodzi. Kuno pa Belgrave Road, kumene kuli mabanja ambiri achimwenye amene anachokera ku Uganda, ku Kenya ndi kwathu ku Malawi komwe, azimayi achikulire amatuluka m'sitolo ndi mapaketi akuluakulu a njere zosapera.

Dalitso (Durban): Komatu tisakambe ngati amwenye onse sagula masala osakaniza kale. Kuno ku Durban amagula, ndipo kwambiri. Makolo awo anayamba kufika mu 1860 kudzagwira ntchito m'minda ya nzimbe, ambiri ochokera kummwera kwa India, olankhula Tamil ndi Telugu, ndipo kuno anapanga kaphikidwe kawokawo kofiira ndi kaukali. Pitani ku Victoria Street Market mukaone milu ya masala ofiira psu, amayeza pasikelo, ena mpaka amawatcha mother-in-law chifukwa cha kuwawa kwake. Mabanja ambiri ali ndi sitolo yawo imene imawasakanizira mmene amakondera. Koma zimene anena amayi Nangozo n'zoona: ngakhale athire masala amenewo, amayamba ndi mafuta, anyezi, kachidutswa ka sinamoni ndi kanthambi ka masamba awisi. Ku Chatsworth ndi ku Phoenix mtengowu uli pakhomo zambiri. Bunny chow amene mumamva uja, buledi woboola pakati wothiramo nyemba kapena nyama ya nkhosa, popanda masamba amenewa sakwanira.

Thoko (Coimbatore): Achemwali Nachisale, ndiyankhe funso lanu lachiwiri lija, chifukwa kuno ku Tamil Nadu kumene ndikuphunzira ndi kwawo kwenikweni kwa tsamba limeneli. Amati karuveppilai, ndipo ukagula ndiwo pamsika wogulitsa nthawi zambiri amakuponyera kanthambi ka banyira.

Kungoponya m'madzi owira sikutulutsa zambiri. Fungo lake limatuluka m'mafuta otentha. Mayi amene ndimakhala nawo ali ndi kachiwaya kakang'ono kakuya, kosaposa chikhatho, kokhala ndi chogwirira chachitali. Amathiramo mafuta a chitowe masupuni awiri n'kudikira kuti atenthe. Amaponyamo njere za mpiru, ndipo sathira china chilichonse mpaka zitayamba kuthetheka ngati mbuliwuli. Njere ya mpiru imene sinaphulike imawawa ndipo sinunkhira. Phokoso likayamba kuchepa amathira urad dal pang'ono, mphodza zakuda zosenda zija, mpaka zifiirire kuti zizikukutika m'kamwa. Kenako tsabola wouma wothyola pakati, kenako hing wongotsina ndi zala, ndipo pomaliza penipeni masamba a curry. Amagwira kanthambi kunsonga n'kupulula ndi zala ziwiri kamodzi n'kamodzi, molunjika m'chiwayamo. Mafuta amalira, masamba amauma nthawi yomweyo n'kuwala, fungo limafika mpaka pa masitepe a nyumba. Apo sadikiranso: amakhuthulira zonse mumphika wa ndiwo zimene zapsa kale n'kuvindikira msanga kuti fungo lisathawe. Zonsezi sizikwana mphindi ziwiri, ndiye zinthu zonse muziike pafupi musanayatse moto. Kuno amati thalippu, kumpoto amati tadka kapena chhaunk. Masambawo mukatsuka muwapukute aume, akalowa ali ndi madzi mafuta amadumpha n'kukuwotchani.

Nachisale: Zikomo kwambiri achemwali, ndaona ngati ndili m'khitchinimo. Njere za mpiru zake ndi za mpiru wathu womwewu wa kudimba?

A Mbewe (Mwanza): Eya mayi. Mpiru wathu wamasambawu ndi mtundu womwewo umene ku India amalima kwambiri chifukwa cha njere ndi mafuta, Brassica juncea. Mukausiya uchite maluwa n'kukhwima, njere zofiirira zija ndi zomwezo. Koma musaphike njere za m'paketi yogula kusitolo ya mbewu, zambiri zimakhala zopakidwa mankhwala. Kololani zanu, kapena gulani zogulitsira kudya.

Thoko (Coimbatore): Ndiye yambani ndi chosavuta, mpunga wa mandimu. Mpunga wotsala dzulo ndi umene umachita bwino, wa Kilombero ukhoza bola usakhale womatana. Mafuta, mpiru, mtedza wodzaza dzanja mpaka ufiire, tsabola, jinja woduladula, masamba a curry, chikasu theka la kasupuni, n'kuzimitsa moto. Thirani mpunga ndi mchere, kenako finyirani mandimu moto utazima kale, chifukwa madzi a mandimu akawira amawawa. Kuno ndi chakudya cha ana a sukulu ndi anthu oyenda ulendo wautali pa sitima, chifukwa sichisasa msanga.

Mayi Nangozo: Thoko mwana wanga wafotokoza bwino. Kukazinga zokometsera m'mafuta kuja achi Gujarati amati vaghar, ndipo imabwera pawiri. Pa ndiwo zouma, monga kabichi ndi mbatatesi, vaghar imayamba, ndiwo zimalowa pambuyo mumphika womwewo. Pa zamsuzi, monga dal, msuzi wa mphodza kapena nandolo wosenda, imabwera kumapeto. Chimene ndimakonda ine ndi kadhi, ndipo mungathe kuphika ndi chambiko chathu chomwechi. Makapu awiri a chambiko, masupuni awiri a ufa wa tchana umene amati besan, madzi makapu awiri kapena atatu, mutakase mpaka pasakhale mibulu. Jinja ndi tsabola wobiriwira wosinja, mchere, ndi shuga pang'ono, chifukwa anthu a ku Gujarat amakonda kuti kuwawasa ndi kutsekemera zikumane mumphika umodzi. Ikani pamoto wochepa mukutakasa osasiya mpaka iwire. Mukasiya, chambiko chimalekana ndi madzi ndipo sichibwereranso. Vaghar yake ndi ghee (mafuta oyengedwa kuchokera ku batala), mpiru, jeera, ma clove awiri, kachidutswa ka sinamoni, njere za methi zowerengeka, hing ndi limdo. Methi musamale naye kwambiri. Akangoda, mphika wonse wawawa, palibe shuga amene angaubweze.

A Gondwe: Hing ameneyu mwamutchula kawiri. Ndi chiyani?

Yamikani: Ndiyankheko achimwene, ndinaphunzira ku Pune, mzinda wa ku India. Pa kabotolo amalembanso asafoetida. Ndi utomoni wouma wochokera ku muzu wa chomera chotchedwa Ferula, chimene chimamera m'malo ouma ndi ozizira ku Afghanistan ndi ku Iran. India ndi amene amadya wambiri koma amachita kuitanitsa, ndipo mu 2020 m'pamene anayamba kuyesa kudzala ku Lahaul-Spiti, m'mapiri a Himachal Pradesh. Wa m'masitolo amakhala wosakaniza ndi ufa wa tirigu kapena wa mpunga. Ukatsegula kabotolo amanunkha ndithu, koma akagwa m'mafuta otentha amasintha n'kumamveka fungo la anyezi ndi adyo wokazinga. N'chifukwa chake a chipembedzo cha Jain ndi mabanja ena achi Hindu amene sadya anyezi ndi adyo amamudalira kwambiri. Eni ake amanenanso kuti amachepetsa mpweya wa m'mimba wobwera ndi nyemba, n'kuona salephera mu dal.

Ndionjezere za garam masala, chifukwa ndimaona kwathu anthu akuthira supuni yodzaza koyambirira, mmene amachitira ndi curry powder. Uyu ndi wa kumpoto, ku Punjab, Delhi, Lucknow, ndipo kawirikawiri mulibe chikasu. Muli sinamoni, clove, cardamom wobiriwira ndi wakuda, tsabola wakuda, jeera, nutmeg ndi tsamba la tej patta, bay leaf wa ku India. Zambiri mwa izi fungo lake limathawa ndi moto wautali, choncho amawaza theka la kasupuni ndiwo zitatsala pang'ono kuphulidwa. Mukathira wambiri koyambirira ndiwo zimada ndipo zimakhala ndi kakuwawa kosasangalatsa.

Ku Pune wa pakhomo ndi goda masala, wakuda bii, chifukwa chilichonse amayamba achikazinga chokha m'mafuta pang'ono: dhania, chitowe, kokonati wouma, sinamoni, ndi ndere ya pamiyala imene amati dagad phool. Nthawi yotentha, kuyambira Malichi mpaka Meyi mvula isanabwere, azimayi amayanika tsabola ndi dhania padenga la nyumba n'kupita nazo kuchigayo cha masala kukasinjitsa za chaka chonse. Amakhala pomwepo kuyang'anira kuti zawo zisasakanikirane ndi za ena. Aliyense ali ndi muyeso wa kwa amayi ake, ndipo wokwatiwa kumene amayenera kuphunziranso wa apongozi.

Chisomo (Leicester): Anzanga a kuntchito ochokera ku Bengal nawo ali ndi chawo, panch phoron. Njere zisanu zosapera, muyeso wofanana: jeera, methi, kalonji (tinjere takuda ta nigella), fennel ndi mpiru, kuponya m'mafuta a mpiru otentha. Masamba a curry kwa iwo si ofunika kwenikweni.

A Gondwe: Chabwino, ndamva. Ndiye ndifunse yanga. Ndili ndi matumba a nandolo kuno ku Phalombe, mavenda akufuna kutenga pamtengo wolira nawo. Paja amati yense amapita ku India. Amakamutani kumeneko?

A Mbewe (Mwanza): Amapitadi bambo. India ndi amene amalima nandolo wambiri padziko lonse, koma sawakwanira. Mu 2016 anagwirizana ndi Mozambique zogula nandolo, ndipo mu 2021 anasainirana ndi boma la Malawi kuti azilola matani 50,000 pachaka kwa zaka zisanu. Kuipa kwake n'koti msika wathu umadalira kwambiri wogula mmodzi. Mu 2017 India atachepetsa mwadzidzidzi nandolo wolowa m'dziko mwawo, mitengo kuno inagwa kwambiri, alimi a kummwera sanaiwale. Kumeneko amamusenda khungu n'kumuswa pakati, ndiye toor dal amene mumamuona m'mapaketi, ena amati arhar.

Thoko (Coimbatore): A Gondwe, nandolo ameneyo ndimamudya pafupifupi tsiku lililonse mu sambar, ndipo chimene chimandikhudza mtima n'choti pafupifupi zonse za mumphika umenewu zili kwathu. Nandolo wosenda amamuwiritsa ndi chikasu mpaka aphwanyike, sasiyana kwenikweni ndi chipere chathu. Bwemba amaviika m'madzi ofunda n'kufinya. M'madzi a bwembawo amawiritsamo ndiwo: zitheba za cham'mwamba zodula utali wa chala, anyezi ang'onoang'ono, dzungu, mabiringano, therere lobala, matimati, chimene chapezeka tsiku limenelo. Zitheba za cham'mwamba zimene ife timazisiya kuti ziumire mumtengo, kuno ndi ndiwo yolemekezeka, amayamwa zam'kati n'kutaya khungu. Fungo la bwemba wauwisi likachoka amathira sambar podi, ufa wa zokometsera wa sambar, kenako nandolo uja, kuwiritsa pang'ono, n'kumalizira ndi thalippu pamwamba.

Sambar podi wa mayi anga a kunowa ali chonchi: makapu awiri a njere za dhania, tsabola wouma wofiira wokwananso makapu awiri, kotala la kapu la toor dal, kotala la tchana wosenda, supuni imodzi ya methi, imodzi ya tsabola wakuda, imodzi ya jeera, chikasu chouma pang'ono, ndi masamba a curry odzaza dzanja. Chilichonse amakazinga chokha pamoto wochepa popanda mafuta, chifukwa chilichonse chili ndi nthawi yake. Methi amapsa msanga, tchana amachedwa, mukaziika pamodzi china chipserera china chisanapse. Amayala pa thireyi kuti zizizire, chifukwa zikaperedwa zili zotentha ufawo umachita thukuta, umaumbika, kenako umachita nkhungu m'botolo. Onetsetsani kuti mu ufa umenewu muli nyemba zokazinga. Zimenezo ndi zimene zimalimbitsa msuzi, ndipo garam masala alibe, n'chifukwa chake simungaphike sambar ndi garam masala. Neba wathu wochokera ku Karnataka amaikamo sinamoni ndi kokonati, komanso shuga wa nzimbe wa mibulu uja amati jaggery, ndipo awiriwa akakumana pakhonde sagwirizana kuti sambar weniweni ndi uti.

A Gondwe: Makapu awiri a tsabola? Ndi kambuzi munthu sungafe?

Thoko (Coimbatore): Ndi kambuzi musayerekeze muyeso umenewo achimwene. Tsabola wawo ali mitundumitundu. Wa Byadgi wa ku Karnataka ndi wa Kashmiri ndi wofiiritsa ndiwo, sawawa kwenikweni. Wa ku Guntur ku Andhra Pradesh ndiye waukali. Ambiri amasakaniza. Inu ikani paprika kuti mupeze mtundu, kambuzi wouma muonjezere pang'ono mpaka pamene pakamwa panu pathera.

Yamikani: Ndipo tsabola wofiirayu ku India ndi mlendo. Anabwera ndi Apwitikizi kuchokera ku America, Vasco da Gama atafika kale ku Calicut mu 1498, ndipo anafalikira kudzera ku Goa. Matimati ndi mbatatesi nazonso zinabwera mochedwa. Kale ukali unkachokera ku tsabola wakuda wa m'mphepete mwa nyanja ya Malabar ku Kerala, yemweyo amene Apwitikiziwo ankamutsata. Mukamwa rasam, msuzi wamadzimadzi wa bwemba, tsabola wakuda, jeera, adyo ndi masamba a curry, umene amapatsa munthu wa chimfine, mumamva kuwawa kwina, kotenthetsa kukhosi osati palilime.

Nachisale: Ndaphika mpunga wa mandimu uja madzulo ano, ana anyambita mbale. Koma masambawo aliyense anawaika pambali. Amadyedwa kapena ayi?

Dalitso (Durban): Kuno ambiri amaika pambali pa mbale, pamodzi ndi sinamoni ndi ma clove.

Mayi Nangozo: Amadyedwa. Si bay leaf amene amabaya kukhosi. Ine ndikafuna kuti ana adye ndimawadula ting'onoting'ono ndisanaike m'mafuta, palibe amene angakhale pansi n'kumatola.

Thoko (Coimbatore): Kunonso ana amaika pambali, ndipo agogo amawakalipira, amati masambawa amalimbitsa tsitsi. Njira yawo yowadyetsera ndi karuveppilai podi. Amakazinga masamba ambiri m'chiwaya mpaka aume gwa koma akadali obiriwira, n'kupera pamodzi ndi urad dal, tchana, tsabola, bwemba pang'ono ndi mchere. Amasakaniza ndi mpunga wotentha, n'kudontheza mafuta a chitowe kapena ghee. Apa ndi pamene kuumitsa kumagwira ntchito, chifukwa auma pamoto mwachangu n'kudyedwa m'masabata ochepa. Ngati nthambi zanu zachuluka achemwali, pangani zimenezi.

Chisomo (Leicester): Za kasungidwe: musatsuke, ingopululani, ikani m'kabokosi kotseka ndi kapepala kouma pansi. Mufiriji amakhala sabata imodzi kapena ziwiri. Ochuluka aikeni mu freezer, amada koma fungo limakhalapo, ndipo amalowa m'mafuta osadikira kusungunuka. Amene muli kuno ku UK, samalani ndi chomera chimene amagulitsa m'malo a maluwa cholembedwa curry plant, cha masamba otuwa owonda. Chimenecho ndi Helichrysum italicum cha ku Mediterranean. Chimanunkhira curry powder ukachikhudza, koma palibe chibale ndi mtengo tikukambawu, ndipo mu dal sichikupatsani chimene mukufuna.

Nachisale: A Mbewe, nthambi zotsalazi ndikazika zigwira?

A Mbewe (Mwanza): N'kovuta mayi, zambiri zimangouma. Mtengowu ndi Murraya koenigii, mabuku ena atsopano akulemba Bergera koenigii, wa banja limodzi ndi malalanje ndi mandimu. Ndi nimu palibe chibale ngakhale masamba afanane. A nimu ali ndi mano oonekera m'mphepete ndipo ndi opindika, a curry mano saoneka kwenikweni, komanso fungo limakuuzani. Njira zodalirika ndi ziwiri. Pansi pa mtengo waukulu pamatuluka mphukira zochokera m'mizu, pemphani mnzanuyo akukumbireni imodzi ndi kamuzu kake. Kapena dikirani zipatso zipse zide, chotsani mnofu, dzalani njere tsiku lomwelo, chifukwa ikauma siimera. Umakonda dzuwa ndi dothi losasunga madzi. Chaka choyamba umakula pang'onopang'ono, muulekerere osathyola. Ukafika m'maondo tsinani kunsonga kuti uchite nthambi, apo ayi umangotalika ngati ndodo mpaka mamita 4 kapena 6, masamba ali kumwamba kokha. Pokolola dulani kanthambi konse, osapulula masamba n'kusiya timitengo tili mbee. Maluwa muzichotsa ngati mukufuna masamba ambiri. Ku Dedza, ku Mzuzu ndi ku Johannesburg nthawi yozizira umayoyola masamba, musauzule poganiza kuti wafa, chepetsani madzi mudikire kutenthe.

Chimodzi ndikupempheni inu muli kunja. Musanyamule mbande kapena masamba awisi m'chikwama kuwoloka nawo malire. Mtengowu umasunga kachilombo kouluka kotchedwa psyllid, kamene kamafalitsa matenda a greening a malalanje. Matendawa alibe mankhwala, ndipo anawononga minda yambiri ku Florida. N'chifukwa chake mayiko ena amaletsa masambawa kulowa popanda chilolezo. Ife a ku Mwanza sukulu ya ana ndi malata a nyumba zimachokera ku manachesi, ndiye nkhaniyi sindiitenga mopepuka. Mitengoyi ilipo kale ku Limbe, ku Zomba ndi ku Lilongwe, tigawane ya konkuno.

Dalitso (Durban): Mwanena bwino bambo, ndimaganiza zobweretsa kambande pa Disembala, ndasiya. Ndionjezere za kugula. Ngati mungathe gulani njere zathunthu muzipera nokha pang'onopang'ono, mtondo waung'ono umakwanira. Njere zimasunga fungo nthawi yaitali, ufa umatha mphamvu m'miyezi yochepa, makamaka ukakhala pa shelefu ya pamwamba pa sitovu. Komanso njere umaziona ndi maso, pamene mu ufa sudziwa chimene aikamo. Mu Epulo 2024 oyang'anira zakudya ku Hong Kong ndi ku Singapore anachotsa m'masitolo masala ena a makampani akuluakulu a ku India atapezamo mankhwala a ethylene oxide.

Mayi Nangozo: Ndipo supuni yonyowa isalowe m'botolo la masala, ngakhale kuwaza kuchokera m'botolo pamwamba pa nthunzi ya mphika. Thirani pachikhatho kapena pa kasupuni kouma.

Nambewe (Mangochi): Ndakhala ndikuwerenga chamumtima. Zonsezi nyemba ndi mpunga, nanga ife a kunyanja? Masambawa amalowa mu nsomba?

Thoko (Coimbatore): Amalowa kwambiri anti. Kerala ili pafupi ndi kuno, ukangodutsa ku Palakkad, ndipo kumeneko nsomba, kokonati ndi masamba amenewa sizisiyana. Ali ndi tinsomba tating'ono ta m'nyanja ya mchere, amati netholi, kukula kwake kofanana ndi usipa. Amatitsuka, kutipaka tsabola wopera, chikasu, tsabola wakuda, jinja ndi adyo wosinja ndi mchere, kusiya theka la ola, n'kukazinga m'mafuta a kokonati. Masamba amaponyamo odzaza dzanja nsomba zitatsala pang'ono kupsa, kuti aume osapserera, ndipo amadyera pamodzi. Yesani ndi usipa wauwisi.

Pa chambo yesani meen moilee. Mafuta, mpiru, masamba a curry, anyezi wodula mopyapyala wongofewa osafiira, jinja, adyo, tsabola wobiriwira wong'amba pakati ndi chikasu pang'ono. Palani kokonati mufinye kawiri, mkaka woyamba wokhuthala uja muuike padera. Thirani wachiwiri wamadzimadzi, uwire, ikanimo zidutswa za nsomba ndi matimati odula mozungulira pamwamba. Musavundule ndi supuni, nsomba iphwanyika, ingogwirani mphika m'makutu muuzunguze pang'ono. Nsomba ikapsa chepetsani moto, thirani mkaka woyamba uja ndi masamba ena awisi, ndipo muphule usanawire.